Ming'oma ya a Manasseh

“Moto sudikira maliro, amama,” anatero Elias, uku akupotokola chipewa chake m’manja ngati akufuna kuchifinya madzi.

Elias anali sikauti, mlonda wa nyama wa paki ya Nyika, pa geti ya Thazima, ndipo anabwera kudzapepesa maliro a mnzake wamkulu, a Manasseh Luhanga, amene anali atangoikidwa kumene. Phulusa la moto wa pamaliro linali likadali pabwalo, mabenchi a kutchalitchi asanabwezedwe. Atatha kupepesa, mnyamata wamkuluyo sananyamuke. Anakanda kumutu, kenaka n’kuulula chimene chinkamuvuta. A paki anali atayamba kutentha udzu pamwamba pa Nyika monga amachitira chaka ndi chaka chisanu chikayamba, ndipo sabata yomweyo moto unali kukafika pamene a Manasseh anapachika ming’oma yawo ya njuchi. Eni ming’oma ena onse anali atalambula kale udzu kuzungulira mitengo yawo. A Manasseh okha ndiwo sanapiteko, poti matenda anali atawagoneka.

“Ndipita ndine,” anatero a Lettie, mkazi wa malemuyo, ali pamphasa pakhomo.

A Mabel, mlongo wamkulu wa malemu, anaponya pansi mbale imene ankapukuta. “Inu NyaMbewe, mwapenga? Dothi la pamanda silinaume n’komwe, inu mukakwere phiri? Anthu adzati chiyani?”

“Adzati njuchi sizinapse, alamu.”

Apa mpofunika kudziwa mmene zinthu zinalili pakhomopo. Dzulo lake, a Fiskani, mng’ono wa malemu, asanakwere minibasi kubwerera kuntchito kwawo ku Boma, anayankhula mawu osalala ngati mafuta. Ati ming’oma imafuna mwamuna wotha kukwera mitengo, ndiye ipite kwa Laws, mwana wa iwo a Fiskani, pamodzi ndi munda. Ati alamu awowo, a Lettie, aperekezedwe kwawo ku Dowa ndi ulemu wonse, akapume. Nkhaniyo anati idzamalizidwa Loweruka, banja lonse litakhala pansi. Koma aliyense ankadziwa kuti kwa a Luhanga amuna amangoyamba nkhani, womaliza ndi a Mabel. Ndipo a Mabel, amene pakamwa pawo sipankaphwa ngakhale m’kati mwa ulaliki, pa nkhani imeneyi anangoti zii. Zimenezi n’zimene zinkawaopsa a Lettie.

Ku Dowa a Lettie akafikira kwa yani? Makolo anatha kalekale, minda anagawana adzukulu a eni. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Twambilile, anakwatiwa ku Lilongwe, m’kanyumba ka lendi. Nthochi za kuseri kwa nyumba anabzala okha, mapeyala anabzala okha, ndipo tsopano manda a mwamuna wawo anali pompo. Zaka zonsezo, a Mabel ankawayankhulabe m’Chichewa chothira mchere wa Chitumbuka, monga mmene munthu amayankhulira ndi mlendo.

“Ndiye mutuma yani?” anafunsa a Lettie. “A Fiskani ali ku ofesi, Laws ali ku Mzuzu. Njuchi zija zatilera tonse pano, ndi inu nomwe chifuwa chikakugwirani.”

A Mabel anawayang’ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo sanachedwe kumaliza poti a Lettie anali mayi wamfupi. “Chabwino. Koma mkazi wamasiye sayenda yekha. Ndipita nanu. Ine ndinabadwira kumtunda komweko boma lisanatithamangitse, phiri lija ndimalidziwa ngati khitchini yanga.”

Sanathere pomwepo. Njira yopita ku ming’oma inkadutsa pa manda akale a makolo awo, m’kati mwa paki, ndipo a Mabel analamula kuti munthu sangakaonekere pamaso pa makolo atavala ngati akupita kudimba. Choncho m’mawa mwake, Elias atafika ndi mfuti yake ndi chikwama cha tenti, anapeza amayi awiri atatchena yunifolomu ya Umanyano, bungwe la amayi a kutchalitchi: bulauzi yoyera mbee, duku woyera, siketi yakuda, nsapato za kutchalitchi, makasu ali paphewa.

“Amama, kodi kumtundaku kuli ubatizo?”

“Tseka pakamwa, nyamula mbatata izi,” anatero a Mabel.

Anayamba bwino, dzuwa lili ngwee. A Mabel anali patsogolo, chala chili m’mwamba, kuloza uku ndi uko. Apa ndi pamene tinkatola masuku. Apa ndi pamene mbuzi ya adada inagwidwa ndi nyalugwe. Apa panali sukulu yathu ya udzu. Phiri litayamba kuimirira, mbiri ija inayamba kudukaduka, mpaka kunangotsala wefuwefu. A Lettie ankabwera pambuyo mwakachetechete, ndipo anadabwa kuona kuti chifuwa chawo, chimene chinali chitatsekeka chichitikire maliro, chayamba kutseguka. Mpweya wa kumtundako unkanunkhira udzu ndi utsi wa kutali.

Manda anawapeza pansi pa mitengo, milu ya miyala yomera ndere. A Mabel anagwada, n’kuwauza makolo awo m’Chitumbuka kuti mwana wawo Manasseh wanyamuka, amulandire. Kenaka anawonjezera kuti, “Ndabwera ndi mkazi wake.” A Lettie anatchera khutu, mtima uli m’mwamba, kudikira ngati pabwera mawu ena. A Mabel anangodzuka n’kusasa fumbi m’mawondo.

Atatuluka m’nkhalango n’kufika pamwamba, pamene pali udzu wokhawokha mpaka pothera maso, mphepo inatembenuka. Elias anaima n’kuyang’ana kumwera. Kunali kukubwera chinthu choyera, chokwawa pansi, chikumeza zitunda chimodzichimodzi.

“Chiperoni icho, amama. Tifulumire, kapena tibwerere.”

“Kubwerera? Yayi!” anatero a Mabel. “Pali njira yachidule apa, nditsateni.”

Njira yachiduleyo anaiyenda komaliza ali buthu, ndipo mwina ngakhale nthawi imeneyo inali ya nyama. Sanapite patali, nkhungu inawakuta. Inabwera ndi mvula yowaza, yozizira ngati ikuchokera mufiriji. Pamenepo m’pamene yunifolomu inaonetsa khalidwe lake. Duku woyera, bulauzi yoyera, nkhungu yoyera, zonse zinangosanduka chinthu chimodzi.

“Mayo ine!” anakuwa Elias. “Ndikungoona masiketi awiri akuyenda okha!”

Posakhalitsa siketi inatsala imodzi, a Mabel atasowa. Anaitana, anakuwa, Elias analiza likhweru mpaka milomo kuuma, koma mphepo inkangowalanda mawu pakamwa. A Lettie anagwidwa ndi mantha enieni. Banja limodzi lingalire maliro awiri sabata imodzi? Ndipo akatsika okha, akawauza chiyani a Luhanga? Posowa chochita, anayamba nyimbo ya m’buku, imene amayi a Umanyano amaimba poperekeza mnzawo. Anaiyamba ndi mawu onjenjemera, pamwamba kwambiri, n’kumaikoka ngati ng’ombe yotopa.

Vesi yoyamba isanathe, mawu anatuluka mu nkhungu, chakumunsi kumanzere.

“Mwaiyambira pamwamba chomene! Tsitsani! Mukuiwononga nyimbo!”

A Mabel akanatha kupirira kuzizira, akanatha kupirira kusochera, koma nyimbo yoyambidwa molakwika ayi. Anawapeza atakhala m’dambo, matope mpaka m’chiuno, nsapato imodzi itamezedwa, dzanja likumenyabe mayimbidwe oyenera. Elias ndi a Lettie anawazula ngati chinangwa.

“Walira mvula walira matope, amama,” anatero Elias.

“Iwe, ndinakusambitsapo uli khanda. Samala.”

Kunali kutayamba kuda. Elias anati palibenso kuyenda, agone pomwepo, n’kutulutsa tenti. Anangoti aitambasule, mphepo inalowa pansi pake n’kuifufumitsa. Anagwira ngodya imodzi, a Lettie ina, a Mabel akulamula zochita, koma tenti inawapulumuka onse, n’kukwera m’mwamba ngati yaitanidwa.

“Katundu wa boma uja wapita ku Zambia opanda pasipoti,” anatero Elias, manja ali m’chiuno.

A Lettie anaseka. Anadzidzimuka okha, chifukwa chigonekereni mwamuna wawo anali asanasekepo, koma kuseka kunakana kubwerera. Ndiye matalala anayamba, ang’onoang’ono ngati nandolo koma olasa ngati legeni. Elias anakumbukira kuti a Manasseh akabwera kuno sankagona mutenti. Anali ndi mphanga yawo, pansi pa thanthwe, m’mphepete mwa kamtsinje kotsikira ku ming’oma. Anagwirana malamba a zovala, Elias patsogolo, n’kumatsata phokoso la madzi, a Mabel akutsimphina ndi nsapato imodzi koma osasiya kunena kuti njira yawo ija inali yolondola, yalakwa ndi nkhungu.

Mphangayo inali yaing’ono, yoti munthu alowe chowerama, koma youma. Elias atawalitsa tochi, onse anangoti kakasi. Kukona kunali nkhuni zouma zosanjidwa bwinobwino, mtolo wa udzu wogonapo, kamphika kakuda, ndi machesi otsekeredwa m’botolo.

“Sankachoka pano osasiya nkhuni,” anatero Elias. “Ankati wobwera pambuyo amabwera atanyowa.”

A Mabel anagwira chikuni chimodzi, n’kuchisisita, misozi ili chuchuchu. Kenaka anafwenthera m’duku n’kunena kuti, “Nanga tikudikira chiyani? Kolezani, zala zanga zafa.”

Moto utayaka, dziko linasintha. Mabulauzi anayanikidwa pa mipini ya makasu, akufuka nthunzi. A Mabel anadzikulunga m’thumba limene munali mbatata, a Lettie m’jekete ya Elias imene inawafika m’mawondo. Kunja mphepo inkalira ngati galimoto yokanika chitunda, koma m’katimo mbatata zinali kupsa ndipo tiyi anali kuwira.

“Manasseh ndi njuchi anayamba kale,” anatero a Mabel, akusenda mbatata. “Ali kamnyamata anakaba uchi Loweruka madzulo. Lamulungu m’mawa nkhope inali ngati dzungu, maso osaoneka. Adada anati kutchalitchi upitabe. Titafika, mkulu wa mpingo anamuimiritsa kuti alendo adzitchule dzina ndi kumene achokera!”

Elias anatsamwa ndi tiyi.

“Nanga za ku Dowa anakuuzanipo?” anafunsa a Lettie.

“Za chiyani?”

“Tsiku lodzaonekera kwa amalume anga. Nthawi imeneyo ankagwira ntchito pa esiteti ya fodya kwathuko. Anabwereka suti, n’kuika botolo la uchi m’thumba la kumbuyo kuti akapereke mphatso. M’basi anakhalira botolo lija. Anafika kwathu ataimirira mowongoka ngati msilikali, osatembenuka, ntchentche zili ng’waa pambuyo. Amalume anati khalani pansi, bambo. Iwo anakana. Anawakakamiza, anakhala. Nkhani itatha, anati adzuke kutsanzika, mpando unadzuka nawo!”

“Bodza!”

“Zoona, alamu! Anatuluka nawo mpaka pabwalo. Amalume anati, uyu m’patseni mkazi, akagwira chinthu sataya.”

A Mabel anaseka mpaka kugwa cham’mbali, akumenya pansi ndi chikhatho. “Chiuta wane! Kuno anatiuza kuti anamulandira ngati bwanamkubwa!” Anaseka, analira, anasekanso, osadziwanso kuti misozi iyi ndi ya chiyani. Zaka zonsezo amayi awiriwa anali asanakhalepo pansi n’kugawana munthu ameneyu, wina ubwana wake, wina ukulu wake.

Kuseka kutazirala, a Lettie anasonkheza moto, n’kufunsa mosapita m’mbali.

“Loweruka mudzati chiyani, alamu?”

Elias anapeza mwadzidzidzi kuti mfuti yake ikufunika kupukuta, n’kutembenukira kukhoma.

A Mabel anapuma mozama. “Ndikuuzeni zoona, NyaMbewe. Ine sindikudani. Mumandinyansa nthawi zina, koma sindikudani. Koma Fiskani sakunama. Chimanga cha m’munda muja sichifika Disembala, nyumba ija imayendera uchi. Ming’oma ili m’mwamba mwa mitengo, Manasseh ankaipachika kumene ngakhale nyani amaganiza kawiri. Inu mukwera? Ine ndikwera? Ikapita kwa Laws, mudzadya chiyani? Sindifuna anthu adzanene kuti a Luhanga anasunga mkazi wamasiye kuti afe ndi njala.”

“Njala ya pakhomo panga ndiitha, alamu. Kukhuta kwa eni ndiko sindingathe. Ine kwathu ndi kuno.”

A Mabel anangogona pa udzu paja, n’kulowetsa mapazi awo ozizira ngati achule pakati pa miyendo ya a Lettie. A Lettie anakuwa, koma sanawachotse. Anagona choncho mothinana, Elias akusonkheza moto, mpaka mphepo inatopa yokha.

Kutacha, kunja kunali ngati dziko lachapidwa. Udzu wonse unali woyera ndi chisanu, ukulira pansi pa phazi, thambo lili mbee, zitunda zikuoneka mpaka kutali kwambiri. Kutsidya kwa kamtsinje mbidzi zinaima n’kumayang’ana amayi awiri ovala mabulauzi a matope. Tenti ija sinafike n’komwe ku Zambia, inali itakodwa pachitsamba chapafupi, ndipo Elias anaithokoza ngati m’bale wake wobwera kuchokera kundende. A Mabel anamanga phazi losowa nsapatolo ndi chidutswa cha thumba, n’kusenza khasu.

Ming’oma inali m’mphepete mwa kankhalango, kumunsi pang’ono. Elias anatsogola, maso ali m’mwamba, kufunafuna m’nthambi. Anaima. Anapita pamtengo wina, n’kuyang’ananso. Nkhope yake inagwa.

“Amama, kulibe. Mtengo uwu unali ndi iwiri, uwo itatu. Kwangotsala zipsera za zingwe.”

“Akuba!” anakuwa a Mabel. “Anthu opanda manyazi, kubera munthu ali pamphasa ya imfa! Chiuta awaone, manja awo apuwale, ana awo…”

“Taimani kaye, alamu,” anatero a Lettie. “Tamverani.”

Dzuwa linali litangofika pamitengo, ndipo penapake pafupi pankamveka kulira kwa njuchi zoyamba kudzuka. Sikunkachokera kumwamba. A Lettie anapatula udzu wautaliwo ndi mpini wa khasu, n’kulowa. Mng’oma unali pomwepo, patsogolo pawo, utalendewera pa waya pakati pa mitengo iwiri, waya wake atamuveka zitini kuti chiuli, kanyama kokonda uchi kaja, kasayendepo. Patsogolo pake panali wina, kenaka winanso. Yonse inali itatsitsidwa, n’kupachikidwa mumzere, mofanana kutalika kwake kuchokera pansi.

Elias anavula chipewa. “Chaka chatha yonseyi inali kumwamba uko, ndinaiona ndi maso angawa. Kutsitsa mng’oma wodzaza njuchi, munthu mmodzi, ndi chingwe chokha… Ndipo anaitsitsiranji chonchi? Iwo aja, ndi msinkhu wawo wautali uja, apa akanamafula chowerama.”

A Lettie anagwira pakamwa. “Ulendo wawo womaliza uja, mvula itangotha,” anatero pang’onopang’ono. “Anati akagona kumodzi, anakatha pafupifupi sabata. Anabwera akutsokomola, manja ali mabala okhaokha. Ndinawakalipira, alamu, ndinawamana ndi tiyi yemwe. Kuchipatala anali atawauza kale za matenda aja. Asananyamuke anandiimika pachitseko, n’kundiyeza ndi ndodo mpaka pachifuwa apa, n’kuidula. Ndinati n’chiyani? Ati ndikufuna ndikukhomere shelefu.”

A Mabel anaika khasu pansi. Anawagwira a Lettie m’mapewa, n’kuwakankhira pafupi ndi mng’oma woyamba, ngati telala woyesa diresi. Chotsekera chake chinali pachifuwa pawo ndendende. Anawakokera pa wachiwiri. Chimodzimodzi. Pa wachitatu sanafikepo, chifukwa maso a a Mabel anali atasiya kuona ndi misozi.

“Chitsiru cha munthu,” anatero, akuseka ndi kulira nthawi imodzi. “Kulephera kungonena pakamwa ngati anthu ena! Kutivutitsa ife ndi matalala!” Anapukuta nkhope ndi duku wamatope uja, n’kutola khasu lawo. “Loweruka Fiskani akadzayamba Chizungu chake chija, inu musadzayankhe. Ndidzayankha ndine. Iwe Elias, ukuyang’ana chiyani? Moto uja sukubwera?”

Khasu linayamba kulira m’udzu, phazi la thumba likutsimphina pambuyo pake. A Lettie anatsalira kaye pa mng’oma uja. Anaika manja onse awiri pa khungwa lake, osanyanyamphira, osawerama, ndipo anamva kutentha kwa njuchi m’kati mwake.